Kuweta Chisanu: Mbiri ya Kuyambitsa Madoko a Gasi Wamadzi

Aliyense amene adawotchapo njerwa amadziwa kuti usiku woyamba wa uvuni sufuna moto waukulu. Umayamba ndi tinkhuni tochepa pakamwa, utsi woyera n'kumafuka pang'onopang'ono mpaka chinyezi chonse chitachoka m'dothi. Ukapupuluma n'kuponyamo zipika nthawi yomweyo, njerwa zimang'aluka, thukuta la mwezi wathunthu n'kupita pachabe. Pali anthu ena pa dziko lino amene ntchito yawo ndi yomweyi, koma motembenuza. Iwo amaopa chisanu chobwera mothamanga, ndipo uvuni wawo ndi thanki yachitsulo yotambalala mamita 80, yoima m'mphepete mwa nyanja yamchere.

Gasi wolowa m'thanki imeneyi tisamusokoneze ndi uja wa m'masilinda ophikira amene timagula ku Lilongwe kapena ku Chipata. Uja ukangomupanikiza amasanduka madzi. Uyu ndi wochokera m'zitsime zakuya, mbali yake yaikulu ndi methane, ndipo pa kutentha kwa masiku onse ungamupanikize chotani sagonja. Amagonjera kuzizira, madigiri 162 pansi pa ziro. Akafika pamenepo amasanduka madzi oonekera ngati a pachitsime, opanda fungo, ndipo gasi wodzaza zipinda 600 amakwana m'chipinda chimodzi. Apa m'pamene amatheka kumukweza m'sitima n'kuoloka naye nyanja kumene paipi singafike. Pa malonda amangoti LNG. Madoko ake alipo amitundu iwiri: ena amamuziziritsa n'kumupakira m'sitima, ena amamutsitsa, kumusunga, n'kumufunditsa kuti abwerere kukhala mpweya wolowa m'mapaipi a mumzinda.

Amisiri akamaliza kumanga doko lotere limaoneka ngati latha, penti ali waliwali, koma chitsulo chake chonse chimakhala chikadali chofunda ngati malata a padenga. Pakati pa tsiku limene womanga wanena kuti wamaliza ndi tsiku limene mwini wake wayamba malonda pali masabata kapena miyezi ya kutsuka, kuumitsa, kuyesa ndi kuziziritsa. Mainjiniya amaitcha nthawi imeneyi commissioning. Nduna zodula riboni sizibwera masiku amenewa, ndipo manyuzipepala amawakumbukira pokhapokha china chikaphulika. Koma ndikayang'ana zaka zoposa 80 za malondawa, ndimaona kuti nzeru zawo zambiri zidaphunziridwa m'masabata omwewa, ndipo zambiri mwa izo zidagulidwa ndi miyoyo ya anthu.

Chiyambi chake chili ku Cleveland, m'chigawo cha Ohio ku America. Kampani ya East Ohio Gas idali ndi vuto la chaka ndi chaka: nyengo yozizira ikafika nyumba iliyonse inkafuna gasi wotenthetsera, mapaipi n'kulephera kukwanitsa. Mu 1941 idatsegula fakitale yoyamba pa dziko lonse yoziziritsa gasi mochuluka n'kumusunga ngati chimanga m'nkhokwe, kudikira masiku osowa. Mathanki adali atatu, obulungira ngati mpira. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati, mafakitale a zida atachuluka, adawonjezera thanki yachinayi, yokulirapo, yoima ngati mgolo. Chitsulo chake chidali ndi nikelo wochepa, magawo 3.5 pa 100 aliwonse.

Thanki yachinayiyi idachenjeza eni ake poyambirira pomwe. Pamene ankaiziziritsa koyamba, kuzizira kudagwera mbali imodzi ya pansi pake kwina kukadali kofunda, chitsulo n'kung'aluka. Adakonza pong'alukapo, adasintha kathiridwe kuti kuzizira kuzifalikira mofanana, n'kuidzaza. Idagwira ntchito. Koma mng'aluwo unkanena za chinthu chachikulu kuposa kathiridwe. Chitsulo chimenechi chikazizira chotere chimaleka kupindika, chimasanduka ngati mbale yadothi, yoti ikagundidwa pang'ono imangosweka.

Lachisanu pa 20 Okutobala 1944, cha m'ma 2:30 masana, thankiyo idang'ambika. Padalibe khoma lokwanira kutchinga madziwo. Adayenderera m'misewu ya mabanja a anthu a m'mafakitale, ambiri a iwo ochokera ku Slovenia, n'kulowa m'ngalande za pansi pa msewu ndi m'zipinda zapansi za nyumba. M'menemo adafunda, adasanduka mpweya, adasakanikirana ndi mphepo, ndipo atakumana ndi moto zivundikiro zachitsulo za ngalande zidauluka m'mwamba, misewu n'kung'ambika, nyumba n'kumapsa kuyambira m'kati. Patapita mphindi ngati 20, miyendo ya imodzi mwa mathanki obulungira idalefuka ndi moto, nayonso idagwa. Anthu pafupifupi 130 adafa, nyumba 79 zidapsa. Zikadachitika madzulo, ana ataweruka kusukulu, maliro akadachuluka kuposa pamenepo.

Kwa zaka pafupifupi 15 palibe amene ankafuna kumva za gasi wamadzi pafupi ndi kwawo. M'zaka zimenezo akatswiri adatsimikiza zitsulo zimene sizisweka ndi chisanu: aluminiyamu, chitsulo chosachita dzimbiri, ndi chitsulo cha nikelo magawo 9 pa 100, chimene mpaka lero ndicho chimapanga mathanki ambiri. Amene adaukitsa nkhaniyi adali munthu wa malonda a nyama. William Wood Prince, mkulu wa Union Stock Yards, msika waukulu wa ng'ombe ndi nkhumba ku Chicago, ankafuna gasi wotchipa wa ku Louisiana, ndipo adaganiza kuti kuzizira kwake kungathandizenso kusunga nyama. Maganizo ake okweza gasiyo mumtsinje wa Mississippi sadatheke, koma kampani yake idagwirizana ndi Continental Oil ndi bungwe la gasi la boma la Britain. Adatenga sitima yakale yonyamula katundu, adaikamo mathanki a aluminiyamu okutidwa ndi matabwa opepuka a balsa, n'kuitcha Methane Pioneer. Idanyamuka mumtsinje wa Calcasieu, kufupi ndi Lake Charles, pa 25 Januwale 1959, ndipo idakocheza pa Canvey Island, kumathiriro a mtsinje wa Thames, pa 20 Febuluwale. Dzina la Calcasieu mulisunge, tikumana nalonso.

Malonda enieni adayamba mu Okutobala 1964, pamene sitima ya Methane Princess idafika ku Canvey ndi gasi wa ku Hassi R'Mel woziziritsidwa pa doko la Arzew ku Algeria. Motero doko loyamba lotumiza gasi wamadzi pa malonda lidali la mu Africa muno. Mu Novembala 1969 Japan idalandira sitima yake yoyamba, Polar Alaska, pa doko la Negishi ku Yokohama. Ku Canvey komweko adayesa nzeru ina yooneka yotchipa: kukumba maenje aakulu, kuundanitsa nthaka yozungulira kuti ikhale khoma, n'kusungamo gasi. Chisanu sichidakhale pamene adachiika. Chidapitirira kufalikira m'nthaka chaka ndi chaka, gasi wambiri n'kumauluka, mpaka maenjewo adawasiya. Mathanki a lero ali ndi zofunditsira zamagetsi pansi pake, kapena amaima pa mizati kuti mphepo izidutsa, kuopa nthaka ingaundane n'kutukumula maziko.

Tiyeni tilowe m'doko latsopano tione mmene ntchitoyi imayendera masiku ano. Choyamba ndi madzi wamba. Thanki imathiridwa madzi kuti aone ngati mowotchereramo mukudontha ndiponso ngati maziko akutitimira, ndipo poti madzi amalemera kuposa kawiri gasi wamadzi, yeserolo ndi lolimba ndithu. Mapaipi nawo amayesedwa, kenako amawauzira mphepo yamphamvu kuti zotsalira m'kati zituluke: mchenga, tizidutswa ta waya wowotcherera, magolovesi, nsanza, nthawi zina ngakhale sipanala. Kansanza kamodzi kakhoza kukatsamwitsa pampu imene ili pansi pa thanki yodzaza, pamene dzanja la munthu silingafike.

Kenako madzi aja, amene adali bwenzi dzulo, amasanduka mdani. Dontho lotsala m'vavu limaundana n'kuigwira kuti isatseguke kapena kutsekeka. Ndiye amaumitsa ndi mphepo youma kapena nayitrojeni, masiku ndi masiku, munthu akuyenda ndi kachida koyezera chinyezi kuchoka pa kabowo aka kupita pa ako, akulemba manambala. Povuta kwambiri ndi mpata wa pakati pa khoma lachitsulo lamkati ndi khoma lakonkire lakunja. Umenewu amaudzaza ndi perlite, ufa woyera wa mwala wa kumapiri ophulika, wokazingidwa mpaka kufufuma ngati mbuliwuli. Ufawu umatchinga kutentha bwino, koma umagwira chinyezi ndi mphepo, ndipo suzitaya msanga.

Methane amayaka pokhapokha akakhala pakati pa magawo 5 ndi 15 pa 100 a mphepo, choncho lamulo ndi lakuti gasi ndi mphepo zisakumane m'kati mwa chitsulo ngakhale kamodzi. Nayitrojeni ndiye mkhalapakati: amalowa kuthamangitsa okosijeni, kenako gasi amalowa kuthamangitsa nayitrojeni. Koma mkhalapakatiyu nayenso amapha. Alibe fungo, saoneka, ndipo munthu wosuzumira m'chibowo cha thanki yodzaza nayitrojeni amakomoka atangopuma kangapo, mnzake womuthamangira kukamupulumutsa n'kugweranso momwemo. Pa doko lolongosoka palibe amene amalowa m'malo otsekeka popanda chikalata chosainidwa ndi mlonda woyeza mpweya pakhomo.

Tsopano chisanu. Kudenga la thanki kuli paipi yozungulira ngati nkhata, yokhala ndi timabowo topopera. Gasi wamadzi amatulukira m'menemo ngati mvula yowaza, ndipo madontho oyamba safika pansi, amauluka ali m'malere, n'kumaziziritsa mpweya wa m'thankimo. Pa khoma ndi pansi pamakhala tizida tambirimbiri toyezera kutentha, ndipo m'chipinda choyendetsera makina anthu amakhala maso ali pa kompyuta usana ndi usiku. Mlingo wake ndi madigiri ngati 3 pa ola, osapitirira 5. Kachida kamodzi kakathamanga kusiya anzake, amachepetsa vavu n'kudikira. Kuchoka pa kutentha kwa kunja kufika pa 160 pansi pa ziro ndi ulendo wa madigiri ngati 180, ndiye kuti masiku awiri kapena atatu a kukhala tcheru, sitima yodikira pa doko ikudya ndalama ola lililonse, mafoni a akuluakulu akulira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa pamenepa kumafuna munthu wotha kuuza bwana wake kuti ayi. Thanki yonse imanyala, khoma lamkati n'kusendera m'kati masentimita angapo kuzungulira konse, ndipo pokhapokha pansi ponse patazizira mofanana m'pamene amalola madzi kuti ayambe kusonkhana.

Mapaipi ochokera kusitima ali ndi khalidwe lawolawo. Chitsulo chosachita dzimbiri chimafupika pafupifupi mamilimita 3 pa mita iliyonse, ndiye paipi ya kilomita imodzi imafupika mamita atatu, n'chifukwa chake amaimanga yokhotakhota kuti izitha kudzikoka. Ukathiramo madzi ozizirawa mothamanga amayenda mmunsi, mmunsimo n'kunyala pamwamba pakadali pofunda, paipi yonenepa ngati mgolo n'kupindika ngati nthochi, kudzuka pa zogwiriziza zake. Mabawuti amene adamangidwa bwino dzulo amakhwefuka. Usiku anthu amayenda m'mbali mwa paipi ndi tochi, kuyang'ana pamene payera chisanu posayenera kuyera, kumvetsera kulira kwa chitsulo.

Ndondomeko yonseyi sidabwere tsiku limodzi. Mu Ogasiti 1971 doko latsopano la Panigaglia, kufupi ndi La Spezia ku Italy, lidatsitsa gasi wa ku Libya m'sitima ya Esso Brega. Sitimayo idali itadikira kwa mwezi ndi kuposa, ndipo m'masiku amenewo mbali yopepuka ya katundu wake idauluka, wotsalayo n'kukhala wolemererapo ndi wofundirapo. Adamuthira kudzera pansi pa thanki imene mudali kale gasi wopepuka. Awiriwo sadasakanikirane. Wolemera adagona pansi akufunda mwakachetechete, wopepuka atamuvundikira pamwamba. Patapita maola ngati 18 kulemera kwawo kudafanana, wapansi adakwera mwadzidzidzi, thanki n'kubwadamuka ngati mphika wa thobwa. Mavavu otetezera adatseguka, matani oposa 100 a gasi adatulukira mumlengalenga. Mwamwayi sadayake. Mathanki a masiku ano ali ndi njira ziwiri zothirira, ya pamwamba ndi ya pansi, ndi chida choyeza kulemera kwa madzi kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo asanatsitse katundu amayamba afunsa kuti mlendoyo ndi wolemera bwanji poyerekeza ndi mwini nyumba.

Zina zidatsatira. Pa 10 Febuluwale 1973 ku Staten Island, New York, anthu 40 adafera m'thanki imene idali yopanda kanthu kwa miyezi yambiri. Ankakonza chinsalu chapulasitiki cha m'kati, moto udabuka, denga lakonkire lidanyamuka n'kuwagwera. Mu Okutobala 1979 ku Cove Point, Maryland, gasi adadontha pa chotsekera cha waya wa pampu chimene sichidamangidwe mokwanira, adayenda m'paipi ya mawaya pansi pa nthaka mamita ngati 60, n'kukatulukira m'nyumba ya magetsi, mmene palibe amene adaganizapo kuti angafikemo. Swichi itakhudzidwa nyumbayo idaphulika, munthu mmodzi adafa. Mu 1983 ku Bontang, Indonesia, pokonzekera kuyatsa makina, chitsulo chachikulu choziziritsira gasi chidaphulika chifukwa njira yotulutsira mpweya wopanikizika idatsala yotseka. Anthu atatu adafa.

Ya ku Bontang ndi imene imandikhudza kwambiri, chifukwa mudalibe sayansi yobisika ngati ya ku La Spezia. Chinthu chidatsekedwa, sichidatsegulidwe, basi. N'chifukwa chake lero pa doko loyambitsidwa mumaona mavavu atakhomedwa maloko ndi tizikwangwani, ndi kaundula wa chotsekera chilichonse cholowetsedwa m'paipi: adachiika ndani, adachichotsa ndani, liti. Gulu la anthu limayenda paipi iliyonse wapansi, mapulani ali m'manja, kuloza chinthu ndi chinthu. Zolakwika amazilemba pa mndandanda umene amati punch list, n'kuzigawa: zoti gasi asalowe zisanakonzedwe, ndi zoti zingadikire. Mikangano yambiri ya womanga ndi mwini doko imakhala ya kusamutsa chinthu kuchoka pa gulu loyamba kupita pa lachiwiri.

Makampani nawo adaona kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ogula gasi adapanga bungwe la GIIGNL mu 1971, eni sitima ndi madoko adapanga SIGTTO mu 1979, kuti ngozi ya pa doko limodzi ikhale phunziro la onse. Lero sitima ikakocheza imalumikizidwa ndi doko pa chingwe, kuti mbali imodzi ikazimitsa mapampu inzake izimitsenso, ndipo mikono yopakirira imatseka mavavu n'kudzimasula yokha sitima ikasendera kutali. Zimenezi zimayesedwa kawiri, chitsulo chili chofunda ndiponso chitazizira, poti vavu yotseka bwino lero ikhoza kukana mawa itazizidwa.

Kuyambira m'zaka za m'ma 2000 madoko adakula koopsa, ndipo vuto lidasintha nkhope. Ngozi zakupha sizidathe. Pa 19 Januwale 2004 ku Skikda, Algeria, gasi wodontha adakokedwa ndi fani kulowa m'boyila, ndipo anthu 27 adafa. Koma chofala chidakhala doko loyamba ntchito n'kuima. Ku Soyo ku Angola, kumathiriro a mtsinje wa Congo, fakitale ya madola ngati 10 biliyoni idatumiza sitima yoyamba mu Juni 2013, idayenda modukizadukiza, ndipo mu Epulo 2014 paipi yopita ku nsanja yowotchera gasi idang'ambika. Idakhala chitsekere zaka ziwiri. Ku Barrow Island, Australia, ntchito ya Gorgon ya madola 54 biliyoni idatumiza sitima yoyamba mu Malichi 2016, ndipo patangopita masiku ochepa makina oziziritsira a propane adawonongeka, fakitale n'kuima miyezi ingapo.

Zokhumudwitsa zoterezi zidasintha kaganizidwe. Kale gulu loyambitsa doko linkaitanidwa kumapeto, nyumba itafoleredwa kale, n'kupeza kuti pamalo potsika palibe kabowo kotulutsira madzi, kwina palibe polowetsera nayitrojeni. Tsopano amakhala nawo patebulo mapulani akamajambulidwa. Doko siliperekedwanso lonse tsiku limodzi. Limagawidwa m'zigawo mazanamazana, ndipo zoyamba kudzuka ndi magetsi, madzi ozimitsira moto, mphepo yoyendetsera mavavu, nayitrojeni ndi nsanja yowotchera, gasi asanayandikire n'komwe. Oyendetsa makina amaphunzira kwa miyezi pa kompyuta yoyerekezera fakitale yawo yomweyo, kulakwitsa pamene kulakwa sikupha munthu. Padabweranso nzeru yooneka ngati yobwerera m'mbuyo, yoti doko lotumiza gasi liyambe lagula gasi wamadzi kwa ena. Gorgon idachita zimenezi kumayambiriro kwa 2016, kulandira sitima yoti iziziritse mathanki ndi mapaipi fakitale isanatulutse dontho lake loyamba, monga mmene mayi amakapalira moto kwa mnansi m'malo mopeka wake.

Pali chimodzi chimene sichinakonzeke mokwanira, ndipo ndimachiona ngati ngongole ya malondawa kwa anthu okhala pafupi. Gasi yense wouluka poziziritsa ayenera kupita kwina, ndipo njira yapafupi ndi kumuwotcha pa nsanja, lawi lotalika ngati nyumba yosanja likubangula usiku wonse kwa masabata, asodzi ndi midzi yoyandikana osaona tulo. Njira zochepetsera n'zodziwika. Mapaipi atha kuyamba kuziziritsidwa ndi nayitrojeni, amene ali wamadzi amafika madigiri 196 pansi pa ziro, ndipo akauluka amangobwerera mumphepo mmene adachokera. Makina opanikiza gasi wouluka ndi paipi yopita kwa ogula zitha kukonzeka sitima isanaitanidwe. Zimafuna ndalama ndi masiku owonjezera, ndipo kumene boma silikakamiza n'kosavuta kusankha lawi.

Kusintha kwakukulu kwa zaka zaposachedwa n'kwakuti mbali yaikulu ya ntchitoyi yasamukira kumalo okhomera sitima. Chitsanzo chili pafupi nafe. Coral Sul, fakitale yoyandama ya kampani ya Eni ndi anzake, yotalika mamita 432, idamangidwa ku Geoje ku South Korea, kumene makina ake ambiri adayesedwa amisiri ndi zida zili pafupi. Idanyamuka mu Novembala 2021, idafika kunyanja ya ku Cabo Delgado ku Mozambique mu Januwale 2022, n'kumangiriridwa pa madzi akuya mamita ngati 2,000. Gasi wa m'zitsime adalowa mu Juni, ndipo pa 13 Novembala 2022 Pulezidenti Filipe Nyusi adalengeza kuti sitima ya British Sponsor yanyamuka ndi katundu woyamba. Ngakhale zambiri zidayesedwa kale ku Korea, padapitabe miyezi isanu kuchoka pa gasi woyamba kufika pa sitima yoyamba. Chimene ndimalakalaka n'chakuti maiko eni gasi azilimbikira kuti ana awo ambiri azikakhala komweko kumene mayeso akuchitikira, chifukwa injiniya amene adachezera usiku akuona thanki ikuzizira koyamba amaidziwa mwa njira imene buku silingamuphunzitse.

Germany idaonetsa mbali ina ya njira yomweyi. Russia itaukira Ukraine mu Febuluwale 2022, gasi wa m'mapaipi n'kuyamba kuphwa, dzikolo lidalibe doko lolandirira sitima za LNG ngakhale limodzi. Ku Wilhelmshaven adakonza pokocheza m'masiku 194, ndipo m'malo momanga mathanki adabwereka sitima ya Höegh Esperanza, imene imasunga gasi n'kumufunditsa yokha. Idafika pakati pa Disembala ili yodzaza kale, mathanki ake ali ozizira kale. Mtsogoleri wa boma Olaf Scholz adatsegula dokolo pa 17 Disembala 2022, ndipo gasi adalowa m'mapaipi a dzikolo Khirisimasi isanafike. Zimene zidathamanga pamenepa ndi zikalata za boma ndi zomangamanga. Chisanu sadachithamangitse, adachibwereka chowetedwa kale.

Chaka chomwecho, pa 8 Juni, ku Freeport ku Texas, chigawo cha paipi chidatsala chotsekedwa mbali zonse, vavu yake yotetezera itasiyidwa yotseka. Gasi wamadzi wa m'katimo adafunda, adafufuma, paipi idaphulika. Palibe amene adafa, koma doko limene linkatumiza pafupifupi limodzi mwa magawo asanu a LNG wa America lidaima miyezi 8. Patapita zaka 39 chichitikireni za ku Bontang, cholakwa chidali cha mtundu womwewo.

Sitima yoyamba kubweretsa katundu wathunthu ku Wilhelmshaven, Maria Energy, idafika pa 3 Januwale 2023, ndipo idachokera ku Calcasieu Pass, kumathiriro a mtsinje womwe uja umene Methane Pioneer idatsika mu 1959. Doko limeneli, la kampani ya Venture Global, lidamangidwa mwa njira yatsopano. M'malo mwa makina awiri kapena atatu akuluakulu, lili ndi timafakitale 18 topangidwa ku Italy n'kubwera pa sitima, tina tikuyatsidwa tina tikadali kumangidwa. Lidatumiza katundu woyamba pa 1 Malichi 2022, mofulumira modabwitsa. Kenako mawu akuti commissioning adapeza ntchito imene a ku Cleveland sakadailota. Malinga ndi mapangano, gasi wotuluka doko likadali pa mayeso ndi wa mwini doko, angamugulitse kwa aliyense pa mtengo wa tsikulo, ndipo ogula a pangano la zaka 20 amayamba kulandira pokhapokha mwiniyo akalengeza kuti mayeso atha. Mitengo ku Ulaya idali m'mwamba chifukwa cha nkhondo. Venture Global idati makina ake opangira magetsi ali ndi vuto ndipo doko silinakhwime, uku sitima zikunyamuka mazanamazana. Shell, BP, Edison, Repsol, Galp ndi Orlen adakamang'ala kwa oweruza milandu ya malonda.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa mkangano umenewu n'chakuti mawu amene adabadwa kuti ateteze miyoyo agwera m'manja mwa maloya, ndipo mawa injiniya wonena zoona kuti thanki sinakonzeke akhoza kuyamba kukayikiridwa kuti akubisira bwana wake ndalama. Venture Global idalengeza kuti doko layamba malonda pa 15 Epulo 2025, patapita zaka zitatu ndi mwezi ndi theka chinyamukireni sitima yoyamba. Mu Ogasiti chaka chomwecho oweruza adakomera kampaniyo pa mlandu wa Shell. Mu Okutobala oweruza ena, pa doko lomwelo ndi mayeso omwewo, adakomera BP.